Liwu Limodzi, Matanthauzo Angapo: Zimene Chiswidishi Chingatiphunzitse pa Chingerezi

Ophunzira athu, makolo ndi akuluakulu a komiti, tonse tikudziwa kuti wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Tikudziwanso kuti mafunso a Masamu, Bayoloje, Jogalafe ndi maphunziro ena a sayansi amabwera m'Chingerezi. Choncho mwana amene waphonya tanthauzo la liwu limodzi m'funso akhoza kutaya malikisi pa chinthu chimene amachidziwa bwinobwino. Tikamachonga mayeso a kumapeto kwa teremu timaona zimenezi kawirikawiri. Wophunzira amakhala kuti anawerenga, analoweza, koma wayankha funso lina losiyana ndi limene wafunsidwa.

Phunziro lathu la ulendo uno lili ndi mfundo imodzi: tanthauzo la liwu limadziwika m'chiganizo chimene liwulo lilimo. Kuti mfundoyi ioneke bwino, tiika Chingerezi pakati pa zilankhulo ziwiri, Chichewa mbali ino ndi Chiswidishi mbali inayo.

Chifukwa chiyani Chiswidishi?

Chiswidishi ndi chilankhulo cha dziko la Sweden, kumpoto kwa Ulaya. Amachilankhula anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo ndi chilankhulo cha boma ku Finland komwe. Sitikufuna kuti muyambe kuchiphunzira. Tachisankha pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, zinthu ndi mawu ochokera ku Sweden tili nazo kale pakati pathu. Malole ndi mabasi a Scania ndi Volvo amene amadutsa mumsewu wa Masauko Chipembere, pafupi ndi kwathu kuno ku Chinyonga, ndi a makampani amene anayambira ku Sweden. Tikamayeza kutentha m'madigiri a Celsius timatchula dzina la Anders Celsius, katswiri wa ku Uppsala amene anakonza muyeso umenewu mu 1742. Dzina la sayansi la chimanga, Zea mays, limene ophunzira a Bayoloje amaloweza, analipereka ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden komweko mu 1753.

Palinso liwu limene timalimva pawailesi pafupipafupi, la "Ombudsman". Ofesi imeneyi kuno ku Malawi inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, ndipo ntchito yake ndi kumva madandaulo a anthu amene akuona kuti sanachitiridwe chilungamo, makamaka ndi maofesi a boma. Liwuli ndi la Chiswidishi. "Ombud" ndi munthu woimira wina, ndipo Nyumba ya Malamulo ya ku Sweden inakhazikitsa udindo wotere mu 1809. Angerezi anangolibwereka liwulo, ifenso tinalilandira kudzera mwa iwo.

Chachiwiri, mwana wa ku Sweden amaphunzira Chingerezi kusukulu monga mmene inu mukuchitira, ndipo amapunthwa pa miyala yofanana ndi imene imakupunthwitsani. Kuona mmene mnzathu wakutali amalakwitsira kumatithandiza kuzindikira pamene ifenso timalakwitsa.

Mawu apachibale

Chingerezi ndi Chiswidishi ndi zilankhulo za banja limodzi, monga mmene Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka zilili za banja limodzi. N'chifukwa chake mawu ambiri a tsiku ndi tsiku amafanana. Nyumba m'Chingerezi ndi "house", m'Chiswidishi ndi "hus". Buku ndi "book" ndi "bok". Nsomba ndi "fish" ndi "fisk". Mkaka ndi "milk" ndi "mjölk". Dzira ndi "egg" ndi "ägg". Dzanja ndi "hand" m'zilankhulo zonse ziwiri. Mawu ena a Chingerezi, monga "egg", "window", "take" ndi "they", anachokera kwa anthu a ku Scandinavia otchedwa Vikings amene anakakhala ku England kuyambira m'zaka za m'ma 800.

Mawu ena anafika m'zilankhulo zonse zitatu atayenda ulendo wautali. Liwu la Chiarabu lakuti "sukkar" ndi limene linabala "sugar" m'Chingerezi, "socker" m'Chiswidishi ndi shuga m'Chichewa. "Qahwa" linadutsa m'Chituruki n'kukhala "coffee", "kaffe" ndi khofi. "Sifr", lotanthauza kupanda kanthu, linabala "zero" m'Chingerezi, pamene m'Chiswidishi linasanduka "siffra", kutanthauza chizindikiro cha nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 9. Taonani kuti tsinde ndi limodzi, koma tanthauzo lasuntha panjira. Liwu likasamukira m'chilankhulo china limatha kusiya tanthauzo lake lakale kwawo, ngati mmene shati yogulidwa pa kaunjika imayambira moyo wina kwa mwini wake watsopano.

Mawu onamiza

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pali mawu amene amalembedwa chimodzimodzi m'Chingerezi ndi m'Chiswidishi koma matanthauzo ake ndi otalikirana kwambiri.

"Gift" m'Chingerezi ndi mphatso, ndipo ambiri mwa ife tili ndi achibale kapena anzathu otchedwa Gift. M'Chiswidishi liwu lolembedwa chomwecho amalitchula ngati "yift", ndipo limatanthauza munthu wapabanja, kapenanso poizoni.

"Barn" m'Chingerezi ndi nyumba ya pafamu yosungiramo zokolola kapena ziweto. M'Chiswidishi ndi mwana.

"Glass" m'Chingerezi ndi galasi kapena tambula. M'Chiswidishi ndi ayisikilimu. Galasi iwo amalemba "glas", ndi s mmodzi.

"Chef" m'Chingerezi ndi katswiri wophika kuhotela. M'Chiswidishi ndi bwana wa pantchito.

"Tall" m'Chingerezi ndi kutalika. M'Chiswidishi ndi mtengo wa paini.

"Semester" m'Chingerezi ndi chigawo cha chaka cha maphunziro, chimene akulu anu ophunzira ku MUBAS ku Chichiri amachidziwa bwino. M'Chiswidishi ndi tchuthi cha kuntchito. Munthu wa ku Sweden akanena kuti ali pa "semester" ndiye kuti akupuma.

"Gymnasium" m'Chingerezi ndi chipinda chochitiramo masewera olimbitsa thupi. M'Chiswidishi ndi sukulu ya sekondale ya zaka zitatu imene achinyamata amalowa ali ndi zaka pafupifupi 16.

Mwina mukuseka, koma vuto lomweli lilipo pakati pa Chingerezi ndi Chichewa. Ife tikati "hotela" nthawi zina timanena malo odyera okha, pamene "hotel" m'Chingerezi ndi malo ogona alendo. Tikati "golosale" timanena kasitolo, pamene "groceries" ndi katundu wogulidwayo. Kufanana kwa kamvekedwe si umboni wakuti tanthauzo ndi limodzi.

Pamene Chingerezi chili ndi liwu limodzi, ife tili ndi angapo

Tengani liwu lakuti "right". M'chiganizo chakuti "Turn right at the market" likutanthauza kumanja, ndipo wa ku Sweden anena "höger". M'chiganizo chakuti "Your answer is right" likutanthauza kulondola, iye anena "rätt". M'chiganizo chakuti "Every child has a right to education" likutanthauza ufulu, umene m'Chiswidishi ndi "rätt" kapena "rättighet". Wophunzira amene analoweza kuti "right" ndi kumanja basi asokonezeka akakumana ndi funso la maufulu a anthu.

"Letter" ndi chilembo, "bokstav", komanso ndi kalata, "brev". "Light" ndi kuwala, "ljus", komanso ndi kupepuka, "lätt". "Fine" ndi kukhala bwino, komanso ndi chindapusa, chimene m'Chiswidishi ndi "böter". "Time" ndi nthawi, "tid", koma mu "three times" likunena za kangati, ndipo ife timati katatu, iwo amati "tre gånger".

Pa mawu a chibale, Chiswidishi chili pafupi ndi ife kuposa Chingerezi. Mngerezi amangoti "uncle". Ife timasiyanitsa amalume, amene ndi alongo a mayi, ndi bambo aang'ono kapena bambo aakulu, amene ndi abale a bambo. Wa ku Sweden nayenso amasiyanitsa: "morbror" ndi mlongo wa mayi, "farbror" ndi mbale wa bambo. "Aunt" kwa ife ndi azakhali kapena mayi aang'ono ndi mayi aakulu. Kwa iwo "faster" ndi mlongo wa bambo, "moster" ndi mbale wa mayi. Choncho mukamamasulira nkhani ya Chingerezi n'kupeza "uncle", muyenera kuwerenga ndime yonse kuti mudziwe ngati akunenedwawo ndi amalume kapena bambo aang'ono.

Pamene ife tili ndi liwu limodzi, Chingerezi chili ndi angapo

Apa ndi pamene malikisi a chimangirizo amathera. Mneni wakuti kumva timamugwiritsa ntchito pa zambiri: timamva phokoso, timamva njala, timamva fungo, timamva zimene aphunzitsi afotokoza. Chingerezi chimagawa zimenezi pa aneni osiyana: "hear" pa phokoso, "feel" pa za m'thupi, "smell" pa fungo, "understand" pa kuzindikira. Wolemba kuti "I am hearing cold" wanyamula Chichewa n'kuchiveka zilembo za Chingerezi. Cholondola ndi "I feel cold".

Kubwereka ndi kubwereketsa zili ndi tsinde limodzi m'Chichewa, ndipo polankhula timangoti "ndibwerekeni cholembera". N'chifukwa chake ambiri amalemba "Borrow me your pen". M'Chingerezi wolandira ndiye amachita "borrow", wopereka amachita "lend", kotero cholondola ndi "Lend me your pen". Ana a ku Sweden amalakwitsa pomwepa, chifukwa kwa iwo kubwereka ndi "låna" ndipo kubwereketsa ndi "låna ut". Amasokonezanso "learn" ndi "teach", popeza zonse ziwiri zimachokera ku mneni mmodzi, "lära", monga mmene kuphunzira ndi kuphunzitsa zilili kwa ife.

Mlowam'malo wakuti iye amaimira mwamuna ndi mkazi yemwe. Chingerezi chimafuna "he" kwa mwamuna ndi "she" kwa mkazi, Chiswidishi chimafuna "han" ndi "hon". Mukamaliza chimangirizo, werenganinso n'kuona ngati mayi amene munayamba nawo monga "she" sanasanduke "he" pofika ndime yachitatu.

Kamvekedwe nakonso kamasintha tanthauzo. Timalemba mtengo pa chomera ndi mtengo pa ndalama zogulira chinthu, ndipo khutu limasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu. Chiswidishi chili ndi zoterezi: "anden" ndi bakha potchula mwa njira ina, ndi mzimu potchula mwa njira inanso. M'Chingerezi, "present" mukatsindika koyamba ndi mphatso, mukatsindika kumapeto ndi kupereka kapena kuonetsa.

Mawu amene amasintha akalowa m'kalasi

Mawu ena odziwika amavala tanthauzo lapadera akalowa m'phunziro. "Product" kumsika ndi katundu wopangidwa, koma funso lakuti "Find the product of 6 and 7" likufuna kuti muchulukitse, ndipo yankho ndi 42. "Difference" ndi kusiyana, koma "Find the difference between 45 and 18" likufuna kuchotsera, yankho ndi 27. "Mean" ndi kutanthauza, ndi kuumira, koma m'Masamu ndi avereji: "mean" ya 4, 6 ndi 11 ndi 7. "Table" ndi tebulo, komanso ndi ndandanda ya manambala m'mizere. "Volume" pawailesi ndi kukweza mawu, m'Masamu ndi kukula kwa malo amene chinthu chatenga. "Current" m'nyuzipepala ndi za masiku ano, m'sayansi ndi kuyenda kwa magetsi. "Solution" ndi yankho la vuto, koma mu labotale ndi madzi amene mwasungunuka chinthu monga mchere.

Ofunika kuposa onse ndi aneni amene amatsegula funso. "State" akufuna kuti mungotchula mwachidule. "Define" akufuna tanthauzo lenileni. "Describe" akufuna kuti mufotokoze mmene chinthu chilili kapena mmene chimachitikira. "Explain" akufuna zifukwa, ndipo yankho labwino limakhala ndi "because" kapena liwu lina lofanana nalo. "Compare" akufuna kufanana ndi kusiyana kwa zinthu ziwiri. Wolemba tsamba lonse pa funso la "state" wataya nthawi. Wolemba liwu limodzi pa funso la "explain" wataya malikisi.

Kuphwanya liwu m'zigawo

Chiswidishi chimakonda kulumikiza mawu awiri kuti apange limodzi. "Sjuk" ndi kudwala, "hus" ndi nyumba, choncho "sjukhus" ndi chipatala. "Ord" ndi liwu, "bok" ndi buku, choncho "ordbok" ndi dikishonale, monga mmene ife tinapangira mtanthauziramawu. Chitsulo cha "tungsten" chimene mumachipeza m'buku la sayansi ndi mawu awiri a Chiswidishi, "tung" kulemera ndi "sten" mwala, ngakhale kuti eni ake a chilankhulocho amachitcha "volfram".

Chingerezi nachonso chili ndi zigawo, kungoti zambiri zinachokera ku Chilatini ndi Chigiriki. "Port" ndi kunyamula, kotero "export" ndi kutumiza kunja, "import" ndi kulowetsa m'dziko, "transport" ndi kunyamula kuchoka pena kupita pena. "Un" koyambirira amatembenuza tanthauzo, "re" ndi kubwereza, "pre" ndi zisanachitike, "less" kumapeto ndi kupanda. Amene munadutsa ku madrasa luso limeneli muli nalo kale, chifukwa mukudziwa kuti zilembo k, t ndi b za Chiarabu zimabala "kitab" buku, "katib" mlembi ndi "maktab" malo olembera. Chitani chimodzimodzi ndi liwu lachilendo la Chingerezi musanataye mtima.

Kagwiritsidwe ka dikishonale

Kulemba matanthauzo a mawu ndi ntchito yolemetsa. Buku la mawu a Chinyanja la Johannes Rebmann linasindikizidwa mu 1877, ndipo mawuwo anamuuza ndi Salimini, munthu wa kuno amene anatengedwa ukapolo n'kukapezeka dera la Mombasa. David Clement Scott wa ku Blantyre Mission anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya ku Zomba unatuluka mu 2000, ndipo Oxford Chichewa Dictionary ya Steven Paas inatuluka mu 2016. Ku Sweden, dikishonale yaikulu ya bungwe la Svenska Akademien inatenga zaka 140 kuti ithe, ndipo inamalizidwa mu 2023. Anthu amenewa sanavutike chonchi kuti ife tizingowerenga mzere woyamba n'kutseka buku.

Mukapeza liwu losadziwika, tsatirani njira zisanu izi.

Choyamba, werengani chiganizo chonse, ndi chimene chili patsogolo pake ndi pambuyo pake, kenaka ganizirani tanthauzo limene lingakwane.

Chachiwiri, dziwani ntchito ya liwulo m'chiganizomo. Kodi ndi dzina, mneni kapena mfotokozi? Dikishonale imaonetsa zimenezi ndi tizilembo monga n, v ndi adj.

Chachitatu, werengani matanthauzo onse amene apatsidwa manambala 1, 2, 3 mpaka kumapeto, pamodzi ndi zitsanzo zake.

Chachinayi, bwezerani tanthauzo limene mwasankha m'chiganizo chija. Ngati sichikumveka, sankhani lina.

Chachisanu, lembani liwulo m'kope lanu la mawu pamodzi ndi chiganizo chanuchanu chonena za zinthu zimene mumazidziwa, monga minibasi ya ku Limbe kapena msika wa ku Ndirande.

Amene mumagwiritsa ntchito foni, Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014. Mukaipatsa liwu limodzi lokha, monga "right", ilibe podziwira tanthauzo limene mukufuna. Ipatseni chiganizo chathunthu, ndipo zimene yakuuzani muzitsimikize m'dikishonale kapena kwa aphunzitsi. Safunsa anadya phula.

Kwa makolo

Kholo siliyenera kudziwa Chingerezi kuti lithandize mwana pa zimenezi. Madzulo mufunseni kuti akuuzeni m'Chichewa kapena m'Chiyao zimene funso la homuweki likufuna asanayambe kuyankha. Akalephera kufotokoza m'chilankhulo cha pakhomo, ndiye kuti funsolo sanalimve, ndipo ndi bwino apite nalo kwa aphunzitsi m'mawa mwake. Mugulireni kope limodzi la mawu okhaokha, ndipo muzilitsegula kamodzi pa sabata kuti muone ngati likudzaza. Pamene dikishonale yakula mtengo, mabanja oyandikana akhoza kusonkherana n'kugula imodzi yoti ana azibwerekana. Akuluakulu a komiti akamakonza za mphoto za ophunzira okhoza bwino, dikishonale ndi mphoto imene imatumikira nyumba yonse kwa zaka zambiri.

Ntchito yoti muchite

1. Lembani ziganizo zitatu za Chingerezi zokhala ndi liwu lakuti "right", chilichonse ndi tanthauzo lake, ndipo muzimasulire m'Chichewa.

2. Konzani ziganizo izi: "Borrow me fifty kwacha." "I am hearing a bad smell." "My mother said he will come tomorrow herself."

3. Perekani tanthauzo la tsiku ndi tsiku ndi tanthauzo la m'kalasi la mawu awa: "cell", "power", "odd", "root", "scale".

4. M'Chiswidishi "tand" ndi dzino, "läkare" ndi dokotala, "borste" ndi burashi. Kodi "tandläkare" ndi "tandborste" ndi chiyani m'Chichewa ndi m'Chingerezi?

5. Tengani pepala la mayeso akale a MANEB la phunziro lililonse, dulani mzere pansi pa mneni wotsegula funso lililonse, ndipo lembani m'Chichewa zimene mneniyo akufuna kuti muchite.

Mayankho muwapereke kwa aphunzitsi anu a Chingerezi sabata ikubwerayi isanathe. A Fomu 4 ayambe ndi nambala 5.